Chigongono cha Nachete

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani, ndipo ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mukadutsa mumsewu wathu, nsapato yofiira imene ili pakhoma la wosoka nsapato ndi dzanja langa. Mitu isanu ndi umodzi ili pakhomo la ometa tsitsi, uliwonse ndi kametedwe kake, ndi dzanja langanso. Ngakhale dzino loseka lija la kwa dokotala wa mano, limene ana amaliopa kuposa dokotala mwini wake, ndinalijambula ndine. Anthu amangonditchula kuti Apenti, ndipo ndimayankha.

Ndayamba ndi kudzitama chonchi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene ndinali. Sindinkauzidwa. Kasitomala akati, "Apenti, apa mukanachepetsa pang'ono," ndinkamugwiritsa burashi m'manja n'kumuuza kuti achepetse yekha. Ambiri ankangoseka n'kunyamula chikwangwani chawo mmene chinalili.

Kunyumba tili ndi ana anayi. Atatu oyamba ndi anyamata apakamwa ngati ine, moti pa nthawi ya chakudya kwathu mpata wolankhula umachita kulimbirana. Womaliza ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo sindidziwa anatengera ndani. Azichimwene ake anamupatsa dzina loti Nachete akadali wamng'ono, dzinalo n'kumukanirira mpaka kusukulu. Ankatha kukhala nawe m'chipinda ola lathunthu iwe osadziwa kuti muli awiri. Aphunzitsi akamufunsa funso ankayankhira kukhosi. Mnzake woti n'kubwera naye kunyumba analibe ndi mmodzi yemwe, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima mayi ake.

Kenaka chaka chatha sukulu yawo inawatengera ku dziwe losambirira la mumzinda. Mayi amene amaphunzitsa timu ya ana kumeneko, amene aliyense amawatchula kuti Akochi, anamuona m'madzi n'kumuuza kuti azibwera. Kuyambira pamenepo Nachete ankapita katatu pa sabata: Lolemba ndi Lachitatu akaweruka kusukulu, ndi Loweruka m'mawa. Ankabwerako maso ali psuu, tsitsi likununkha kolorini, ali ndi njala ya anthu atatu. Chodabwitsa n'chakuti ankabwerako akulankhula. Osati kwambiri, koma akulankhula ndithu: wakuti anachita zakuti, wakuti anagwetsera magalasi ake osambirira pansi pa dziwe. Ine ndikafuna kulowererapo ndi nkhani yanga, mayi ake ankandiponda phazi pansi pa tebulo.

Kudziweko ine ndinali ndisanapondeko. Loweruka ndi tsiku la makasitomala, ndiponso, kunena zoona, kusambira sindidziwa. Madzi amene ndimawakhulupirira ndi a m'ndowa.

Tsiku lina masana, ndikulemba chikwangwani cha ogulitsa matayala, ndinaona chithunzithunzi pakhomo la shopu. Anali Nachete, chikwama chili kumsana. Anaima pamenepo mpaka ndinamaliza zilembo zitatu.

"Adadi, timu yathu ilibe chizindikiro."

"Chizindikiro chanji?"

"Cha pazipewa zosambirira ndi pamalaya. Matimu ena onse ali nacho. Ife mwezi wamawa tikupita ku mpikisano ndi zipewa zopanda kanthu. Akochi anafunsa ngati alipo amene akudziwa munthu wojambula. Ndinakweza dzanja."

Ndinaika burashi pansi. Nachete kukweza dzanja pagulu! Ndiye kukwezera ine! Ndinamuuza kuti apite akawauze Akochi akewo kuti nkhani yatha, matimu enawo adzachita kubisa zipewa zawo m'zikwama.

Ndinaigwira ntchito imeneyo sabata yathunthu, a matayala aja akudikira. Ndinasankha thabwa losalala, ndinasakaniza penti wabuluu wa mitundu itatu. Ndinajambula mwana akutumphuka m'mafunde, mutu utagwera kumbuyo, nkhope itayang'ana kumwamba, atatsegula pakamwa ngati akufuula ndi chimwemwe, dzanja limodzi lili njo m'mwamba. Wopambana. Madontho a madzi ndinawajambula limodzilimodzi ndi kaburashi kamene ndimalembera manambala a foni.

Mayi a Nachete atabweretsa tiyi ku shopu anafuna kusuzumira, ine n'kuwatchinga.

"Bwanji mupite kaye mukaone mmene anawo amasambirira?" anatero.

"Pojambula dzino lija ndinapita kukaphunzira udokotala?"

"Dzino aliyense ali nalo m'kamwa, Bambo a Nachete."

"Madzinso aliyense anawaonapo."

Anangotenga kapu yadzulo n'kutuluka. Nachete nayenso sindinamuonetse. Ndinkafuna adzaonere limodzi ndi anzake, kuti tsiku limenelo adzayende pakati pawo mapewa ali m'mwamba.

Loweruka ndinatseka shopu, ndinavala malaya oyera, ndinakulunga thabwalo m'nsalu. Dziwelo ndi lalitali, logawidwa m'mizere isanu ndi umodzi ndi zingwe za timipira tofiira ndi toyera. Ana analipo ngati makumi awiri, atakhala pamasitepe a simenti, atafunda mathaulo, akunjenjemera. Akochi ndi mayi wamfupi wa mapewa otambalala, wokoleka wezulo m'khosi. Anandilonjera ndi manja awiri n'kuuza anawo kuti awa ndi bambo ake a Nachete. Nachete anali kumapeto kwa mzere wakumbuyo, akuluma ngodya ya thaulo, koma maso ake anali pa ine.

Ndinalankhula kaye mawu pang'ono, monga mwa chizolowezi changa, kenaka ndinachotsa nsalu.

Panali zii. Ine mumtima ndinati basi, zawalowa.

Kenaka kamtsikana kena kakang'ono, kogweluka mano akutsogolo, kanakweza dzanja. "Akochi, timuponyere chingwe?"

Masitepe onse anaphulika ndi chiseko. Mnyamata wina wamtali, amene anzake amamutcha Mlongoti, anadzuka, anakweza dzanja limodzi, anayasamula n'kumatsika pang'onopang'ono kuseri kwa anzake. Ena anachita kugubuduka pasimenti. Akochi analiza wezulo kamodzi, phokoso linaduka.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "penti mwamutha, madziwa akuchita ngati anyowetsa munthu. Koma mwanayu akumira."

"Akumira bwanji? Wapambana uyu. Akusangalala."

"Mwana akabwera kuno tsiku loyamba, tisanamuphunzitse china chilichonse, timamuphunzitsa ichi: ukaona munthu waima chilili m'madzi, mutu wagwera kumbuyo, kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'mwamba, fuula. Tatembenukani."

Ndinatembenuka. Pakhoma kumbuyo kwanga panali chikwangwani cha malamulo a padziwe, ndipo pakona pake panali kamunthu kakuda, mutu kumbuyo, dzanja m'mwamba, m'munsi mwake atalemba kuti ZINDIKIRANI MUNTHU AMENE AKUMIRA. Kanali kofanana ndi wanga ndendende, kusiyana kwake wanga anali wokongola. Zilembo za pachikwangwanicho zinali zothithikana, ntchito ya munthu wosadziwa, koma sinali nthawi yonena zimenezo.

Munthu wanzeru akanaseka nawo. Akanati, "Mwandigwira, ana inu," n'kupita kukajambula china. Ine magazi anandikwera kumutu. Ndinasolola pensulo m'thumba la malaya n'kuwaloza nayo Akochi pamaso pa ana awo onse.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri sindinauzidwepo ntchito ndi munthu wa wezulo. Ngati mumadziwa kujambula, nayi, jambulani nokha."

Akochi sanailandire. Ana onse anaweramitsa mitu. Nditayang'ana kumapeto kwa mzere wakumbuyo, panali thaulo lokha.

Lolemba Nachete sanapite kudziwe. Lachitatu sanapitenso. Chovala chake chosambirira chinakhala pachingwe mpaka mayi ake anachianula n'kuchipinda. Mmodzi wa azichimwene ake ananditsina khutu kuti kusukulu Nachete akamadutsa, ana ena amakweza dzanja limodzi n'kuyasamula. Kunyumba anabwerera mwakale: kudya, kutsuka mbale yake, kulowa kuchipinda. Nditamufunsa ngati apita Loweruka, anapukusa mutu. Nditamufunsa kuti nanga adzapita liti, anati, "Ndasiya."

Ine masiku amenewo ndinali ndikadayesa kudzitsuka. Ndinauza wosoka nsapato kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Ndinauza wa matayala kuti luso limafuna maso. Ndinayesanso kujambula nsomba, poganiza kuti nsomba yokha palibe anganene kuti ikumira, koma ndinaing'amba ndekha, inkaoneka ya pakhomo la butchala. Anyamata anga, amene samalephera kuseka chilichonse, za nkhaniyi sanaseke. Pamenepo ndi pamene ndinayamba kuchita mantha.

Mayi ake anadikira mpaka ana atachoka patebulo. "Safunsa anadya phula," anatero akupukuta. "Koma inu phulalo mwadyetsa mwana."

Chimene chinandiwawa si chithunzicho ayi. Mwana wanga anali atapeza malo amodzi okha padziko lapansi amene ankatsegulako pakamwa, ndipo ine ndinangopitako tsiku limodzi n'kumutsekera.

Lachinayi m'mawa ndinapita kudziweko. Ndinapeza Akochi akuvuula masamba ndi kaukonde ka pandodo yaitali. Kumbali yosazama kunali amayi achikulire asanu akuyenda m'madzi uku akugwedeza manja.

"Mwabwera kudzandimalizitsa kapena kudzaona?" anandifunsa osatembenuka.

"Ndabwera kudzapepesa. Ndinalankhula ngati chitsiru."

"Zinatha zimenezo. Makolo amandinena zoposa pamenepo ndikangosuntha mwana wawo mzere." Anakutumula kaukondeko. "Ana osekawo ndalankhula nawo, Mlongoti wasambira maulendo makumi awiri oonjezera kuti aganize bwino. Koma mwana amene wachita manyazi sabwezedwa ndi wezulo. Mayina a opita ku mpikisano ndikupereka Lolemba. Akapanda kubwera Loweruka likubwerali, malo ake ndiyenera kupatsa wina. Ndipo ndimamudziwa ameneyo, akangochoka pamndandanda sitidzamuonanso kuno."

"Ndichite chiyani?"

"Za mwana wanu mukudziwa ndinu. Ine ndikudziwa za chizindikiro. Vulani nsapato."

Ndinayesa kukana, ndinati ndabwera ndi maso okha. Analowa mu ofesi n'kubwerako ndi kabudula wa m'bokosi la zinthu zoiwalidwa, wachikasu, wa zithunzi za abakha. Mwini wake sindimudziwa, koma anali ndi mimba yoposa yanga. Ndinalowa m'madzi dzanja limodzi litagwira kabudula, lina litakakamira chitsulo cha masitepe, amayi achikulire aja akundilimbikitsa ngati mwana woyamba kuyenda. Akochi analowa nane.

Madzi atafika pachifuwa anati, "Tsopano chitani monga mwana wa pachithunzi chanu. Mutu kumbuyo, dzanja m'mwamba. Nyamulani mapazi."

Ndinachita. Ndinapita pansi ngati njerwa. Madzi analowa m'mphuno, m'kamwa, m'makutu, ndipo kwa kamphindi ndinaiwala kuti pansi pali pafupi. Anandidzutsa ndi Akochi, atandigwira m'khwapa. Ndinatsokomola mpaka misozi.

"Mwapambana?" anandifunsa.

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana. Nanenso ndinaseka, pakuti munthu ukavala kabudula wa abakha palibenso ulemu woti uteteze.

Kenaka anandiphunzitsa china. Nkhope m'madzi, mpweya kutulutsira m'mphuno, manja kutsogolo, iwo atandigwira zala. Nditangoweramitsa mutu, miyendo yanga inanyamuka yokha kumbuyo, miyendo yomweyi imene sinachokepo pansi popanda makwerero.

"Mutu ukakwera, miyendo imamira," anatero. "Mutu ukatsika, miyendo imayandama. Wosambira sayang'ana kumwamba, sayang'ananso kutsogolo. Akafuna mpweya amangotembenuza nkhope cham'mbali, diso limodzi m'madzi, lina panja. Ndipo dzanja silipita m'mwamba choongoka. Chimene chimayamba kutuluka ndi chigongono, chopindika, zala zikulendewera. Ngati mukufuna kuti ana anga adzizindikire pachipewa, jambulani chigongono."

"Ndichionere pa yani?"

Anandiyang'ana ngati ndawafunsa dzina langa lomwe. "Chigongono chabwino kuposa zonse m'timu muno chimagona m'nyumba mwanu. Pa liwiro alipo omuposa. Koma ndikafuna kuonetsa ana mmene dzanja limayendera, ndimauza Nachete kuti asambire, ena onse aime aone. Sanakuuzeni?"

Sanandiuze. Kapena anayamba kunena tsiku lina patebulo ine n'kumudula mawu, sindikudziwa.

Kumupempha Nachete sindikanatha, nkhope yomupemphera ndinalibe. Choncho masana amenewo ndinatulutsa benchi kuseri kwa nyumba, ndinatsamiritsa galasi la kuchipinda pakhoma, ndinaika beseni la madzi pampando kumapeto kwa benchi, n'kugona chafufumimba. Ndinkaviika nkhope, kutembenuza mutu, kukweza chigongono, kusuzumira pagalasi, kenaka kudzuka msanga kukajambula ndisanaiwale. Chimene chinkatuluka papepala chinali nkhuku yothyoka phiko. Aneba athu anasuzumira pampanda n'kufunsa mayi a Nachete ngati kunyumba kuno zonse zili bwino. Nachete pochokera kusukulu anandipeza chomwecho, anaima pang'ono, n'kulowa m'nyumba.

Lachisanu anandipezanso. Ulendo uno anaima nthawi yaitali. Ndinkamuona pagalasi, chikwama chili kumsana, atakwinya nkhope.

"Sichoncho," anatero potsiriza.

"Sichoncho chiyani?"

"Mukuponya dzanja ngati mukugenda galu." Anaika chikwama pansi, anabwera, anandigwira chigongono ndi zala zake zozizira n'kuchikweza. "Ichi ndi chimene chikwere. Dzanjali lisiyeni, lizingotsatira. Ayi, Adadi, mwaumitsa. Lisiyeni."

"Ndalisiya."

"Simunalisiye. Tadzukani."

Anagona pabenchipo iye n'kundionetsa. Ndinajambula msangamsanga, mapepala atatu. Anadzuka n'kuwayang'ana limodzilimodzi.

"Akuoneka ngati munthu wogona pabenchi."

"Chifukwa wagona pabenchi."

Anatsala pang'ono kumwetulira, koma anadzigwira. Tinakhala pabenchipo tonse awiri, ine madzi akudontha kuchibwano. Ndinamuuza kuti ndinalakwa, kuti ndinamuchititsa manyazi chifukwa cha matama anga, ndi kuti iye sanalakwe chilichonse pokweza dzanja. Mawu otere ndinali ndisanawanenepo kwa mwana wanga aliyense, ndipo anatuluka movuta.

"Chithunzicho sichinali kanthu," anatero akuyang'ana mapazi ake. "Akanaseka n'kuiwala. Koma munawaloza Akochi ndi pensulo. Ine ndikawayang'ana bwanji?"

"Ndinapita dzulo kukapepesa. Anandilowetsa m'madzi."

Anatembenuka. "Inuyo? M'dziwe?"

"Ndinamwa theka lake. Ukapita ukapeza madzi atatsika."

"Munavala chiyani?"

"Zimenezo usafunse."

Apa ndiye anaseka, kamodzi kokha, chotulukira m'mphuno. Ndinamuuza zoona zake: pabenchi sizingatheke, ndiyenera kuona chigongonocho chikutuluka m'madzi enieni, ndipo Akochi akuti chabwino ndi chake.

"Mawa timu imayamba eyiti koloko," anatero. "Tipite seveni. Ndikasambira pang'ono, inu mujambule, tizibwerako anzanga asanafike. Sikuti ndabwerera."

"Ndamva."

Ndinawatumizira uthenga Akochi pafoni, iwo anangoyankha kuti atsegula. Mayi ake, amene ankamva zonse ali pazenera la kukhitchini, anangotenga chovala chosambirira chija n'kuchiika pampando wa pakhomo la chipinda chake.

Loweruka m'mawa kudziwe kunalibe munthu, madzi ali bata. Akochi anamulonjera Nachete ngati anaonana dzulo lomwe, n'kupita kukamanga zingwe zawo. Nachete anavala chipewa, anatsitsa magalasi, analowa mumzere wa m'mbali, pafupi ndi pamene ndinakhala ndi buku langa lojambulamo.

Chaka chathunthu, ndipo ndinali ndisanamuonepo mwana wanga akusambira. Mwana amene pamtunda amayenda ngati akupepesa kwa aliyense, m'madzi anali wamtali, wodekha, wosapempha chilolezo kwa munthu. Madzi sankathovoka. Chigongono chinkatuluka chopindika, kukwera, kudutsa pafupi ndi khutu, zala n'kulowa kutsogolo mwakachetechete. Akakoka katatu nkhope inkatembenuka, diso limodzi ndi theka la mlomo, n'kubwereranso m'madzi. Ulendo woyamba sindinajambule kanthu. Ndinangokhala pensulo ili m'manja, ndikunyada ndi kuchita manyazi nthawi imodzi.

Ulendo wachiwiri ndinayamba. Za madontho ndinazisiya, za buluu wa mitundu itatu ndinazisiya. Mzere umodzi wa madzi. Pamwamba pake chigongono, chopindika ngati denga lopendekeka. Pansi pake theka la mutu ndi kadiso kamodzi. Pofika ulendo wachinayi chinali chitatha. Ndinadziwa kuti chatha monga umadziwira kuti msomali walowa, ukamenyanso ungoononga thabwa. Ndinatseka buku.

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Kunali kutatsala theka la ola kuti eyiti ikwane.

Nachete anagwira khoma, anakweza magalasi. "Mwatha?"

Ndinatsegulanso bukulo mwamsanga. "Kamodzinso. Dzuwa linandithobwa m'maso."

Anapita, anabwera.

"Kamodzinso. Pensulo yathyoka."

Anapita, anabwera. Ndinati phewa sindinalione bwino. Ndinati ndikufuna kuonera kutsogolo. Ndinati mphepo yatembenuza pepala, pamene kunalibe mphepo ndi pang'ono pomwe. Ine amene sindisowa chonena, mabodza anayamba kundithera. Akochi anadutsa kumbuyo kwanga ndi kaukonde kawo, anasuzumira m'buku, anayang'ana wotchi, anandiyang'ana ine. Kenaka anakweza mawu.

"Apenti, mbali yakumanzere mwaiona? Chipewa chili ndi mbali ziwiri. Nachete, maulendo khumi osaima, bambo ako aone bwino."

Mayi amenewo ndidzawathokoza mpaka tsiku langa lomaliza. Ndinawanyoza pamaso pa ana awo, iwo n'kundibwereka kabudula, n'kundivuula m'madzi, tsopano n'kumanama nane limodzi.

Ana anayamba kufika, mmodzi, awiri, mathaulo ali pamapewa. Akochi anawachingamira pageti, chala chili pamlomo, n'kumawalozera mizere yawo. Panalibe wezulo, panalibe kudumpha, ankangotsetserekera m'madzi mmodzimmodzi. Mlongoti anafika pamene ndinakhala, anandipatsa moni waulemu umene sindinauyembekezere, kenaka analowa mumzere woyandikana ndi wa Nachete. Kamtsikana kogweluka mano kaja kanabwera kudzaima pambali panga. Kanayang'ana m'buku, kanayang'ana m'madzi.

"Ameneyu ndi Nachete," kanatero. "Akupuma."

Dzina sindinalembe papepalapo, nkhope yoti n'kuizindikira sindinajambule. Pa zikwangwani zonse zimene ndalemba, palibe kasitomala amene anandiyamikapo kufika pamenepo.

Nachete anamaliza maulendo ake, anagwira khoma, anakweza magalasi n'kupeza dziwe ladzaza. Anayang'ana kumbali, Mlongoti anamugwedezera mutu. Anayang'ana masitepe otulukira, amene anali pafupi oti n'kuwafika ndi dzanja. Kenaka anayang'ana ine. Bodza lina ndinalibe. Ndinangogwira buku langa pachifuwa.

Akochi analiza wezulo. "Mzere woyamba, Nachete atsogole. Maulendo asanu ndi atatu. Tiyeni!"

Anaima kamphindi kena, ndipo kwa ine kanatalika. Kenaka anatsitsa magalasi, anaponda khoma, n'kupita. Ana anayi anamutsatira.

Chizindikirocho chili pazipewa zawo tsopano, choyera pa buluu, mbali zonse ziwiri. Akochi anandichenjeza kuti labala amakokeka akavalidwa kumutu, choncho ndinachiyesa kaye pa chipewa chimene ndinaveka mpira, ndipo ulendo uno ndinamvera. Koma zimenezo zinabwera pambuyo. Tsiku limenelo tinabwerera kunyumba wapansi, iye tsitsi likudontha, ine buku lili m'khwapa. Ndinali chete njira yonse, poopa kuti ndikatsegula pakamwa ndiononganso. Titafika pamphambano ya kwathu anayamba ndi iye.

"Adadi, buku munalitseka nditangosambira kanayi."

Ndinaima. "Unaona bwanji?"

"Popuma. Timaona zonse za m'mbali."

"Nanga bwanji sunatuluke?"

Anakonza chikwama paphewa, maso ali kutsogolo.

"Ndimangoopa kuti mabodza akutherani anzanga asanafike."